Mizura Kumadzulo, Mizuri Kum'mawa

Mawuwo achimwene anga a Glenn anawalankhula Lamulungu pa 7 Seputembala 2008, ataimirira pa ngolo ya udzu, pa chikondwerero cha pachaka cha tchalitchi cha kwathu ku Bergfeld. Sindinachite kumva kwa munthu, ndinalipo. Mwamuna wanga Senad analiponso, atanyamula benchi paphewa, ngakhale unali mwezi wa Ramadani ndipo chichereni kucha anali asanalawe ndi dontho la madzi lomwe.

"Anthu enieni a Mizura ndi inu!" anatero a Glenn pa chimkuzamawu. "Inu amene mumadzuka tambala asanalire. Mizura weniweni amathera pa mtsinje wa Meramec. Tsidya linalo kuli anthu ongogonako, obwera dzulodzuloli, oti mukawafunsa kumene kuli manda a makolo awo amayamba kufunafuna pa mapu. Tilole amenewo atisankhire phungu?"

"Ayi!" anayankha anthu, milomo ili noninoni ndi mafuta a nkhuku yokazinga.

Senad anatsitsa benchi ija pang'onopang'ono, anaiwongola kuti ilingane ndi zinzake, n'kupita kukakhala m'galimoto.

Ongogonakowo ndife. Ine ndine Marlene, ndinabadwira pa famu ya a Niehaus, m'chigawo cha Missouri, mu 1969. Ndinawoloka mtsinje mu 1994 kukayamba ntchito yothandiza ana a chibwibwi ndi olemera lilime m'masukulu a m'mphepete mwa mzinda wa St. Louis. Senad anafika kuchokera ku Bosnia mu 1997, tinakwatirana mu 2000, ndipo analumbira kukhala nzika mu 2003. Ntchito yake ndi yoika matailosi m'nyumba za anthu. A Glenn, ondiposa ndi zaka zisanu, anatsala pa famu ndi abambo, ndipo chaka chimenecho ankafuna uphungu wa ku Jefferson City, likulu la chigawo chathu. Dera lomwe ankapikisanira mtsinje unalidula pakati: kumadzulo mafamu, kum'mawa ife.

Chiyambire chaka cha ukwati wathu, Loweruka lotsegulira nyengo yosaka nswala mu Novembala, amuna atatu ankalowa limodzi m'nkhalango ya kuseri kwa famu: abambo, a Glenn ndi Senad. Soseji ya nswala imafuna mafuta a nkhumba, apo ayi imauma ngati chikopa. A Glenn, popanda wowapempha, anasiya a nkhumba n'kuyamba kugula a ng'ombe chifukwa cha mlamu wawo. Ankati, "Alamu, mwandiwonongera soseji ya agogo." Senad ankayankha kuti, "Ndakupulumutsani ku moto, alamu, muzithokoza."

Pochokera ku chikondwerero chija tinawoloka mlatho. Titafika tsidya lathu ndi pamene Senad anatsegula pakamwa.

"Alamu akudziwa, Marli."

"Akudziwa chiyani?"

"Za bambo anga. Ndinawauza ndekha kutchire, tili awiriwiri. Kuti asilikali anawakweza pa lole pa nkhondo ya kwathu mu 1992, ndipo mpaka lero sitinapeze ngakhale fupa. Ndiye lero akuti manda, mapu, anthu n'kumawomba m'manja."

"Sankanena iwe."

"Ankanena ndani? Pa gulu lonse lija wobwera dzulo anali ndani?" Anapukuta milomo yake youma ndi chala. "Pa famu paja sindidzapondanso, pokhapokha atabweza mawuwo. Osati kukhitchini atandigwira paphewa, ayi. Anawalavula pagulu, akawabweze pagulu."

Senad sachita zongoopseza. Akati matailosi apendama, amawazula onse, ngakhale mwini nyumba atakhutira nawo. Ndinadziwa kuti a Glenn akapanda kubweza mawuwo, ulenje wa Novembala wathera pomwepo, ndipo abambo, a zaka 72, adzatsiriza masiku awo ali ndi banja lodulidwa pakati ngati dera lija. Ndinatsimikiza mtima kuti mawuwo abwezedwa basi.

Lachitatu lotsatira ndinapita ku ofesi ya kampeni, yomwe kale inali sitolo ya chakudya cha ziweto. Fungo la gaga linali lisanathe. A Glenn anali akumata zithunzi zawo pa timitengo, ndipo pakona panali Kendra Whitlow, mayi wa ku Jefferson City yemwe anamulemba kuti aziwayendetsera kampeni.

"Aa, alendo ochokera kunja!" anatero a Glenn. "Pasipoti mwatenga, amayi?"

"Musaseke, achimwene. Senad akuti sabwera kosaka."

Dzanja lawo linaima kaye, kenaka linapitiriza kumata.

"Iwe Marli, ndale ndi gule. Umaimba nyimbo yomwe anthu akuvina. Alamu ndi munthu wanga, akudziwa. Uwauze ndibwera kunyumba ndi kabotolo, tithana nazo."

"Kabotolo mu Ramadani?"

"Chabwino, ndi keke."

"Akufuna pagulu. Inenso ndikufuna pagulu."

Kendra anaika foni pansi. Sanali munthu woipa, ndipo sanandinamize. "Mayi, ndikuuzeni mmene zilili. Kum'mawa anthu ndi ambiri, koma savota onse. Kumadzulo ndi ochepa, koma akakwiya amavota mpaka odwala. Ntchito yanga ndi yowakwiyitsa. Chisankho chili pa 4 Novembala. Pa 5 achimwene anuwa adzapepesa aliyense amene mungamutchule."

"Pa 5 kupepesa sikudzawatayitsa kanthu," ndinatero. "N'chifukwa chake sikudzakhala kupepesa." Ndinatembenukira kwa a Glenn. "Nanga Mizura ameneyu mwamutola kuti?"

"Ndimatero kuyambira kale."

"Kale lake liti? Pa maliro a amayi munati Mizuri. Ndinali pambali panu."

"Pita ukaphunzitse ana ako, iwe," anatero, osandiyang'ana.

Dzina la chigawo chathu limalembedwa mofanana paliponse, Missouri, koma pakamwa lili ndi michira iwiri. Ena amati Mizuri, ena Mizura. Andale amakhulupirira kuti Mizura ndi wa kumudzi ndipo Mizuri ndi wa mu mzinda, motero ambiri a iwo amasintha mchira akamawoloka milatho. Zoona zake sizili zowongoka choncho. Ku Bergfeld komweko nyumba zina zimati Mizura, zina Mizuri, ndipo sindinamvepo kuti anthu anamenyana chifukwa cha zimenezo. Nyumba yathu imati Mizuri. Malemu amayi anali aphunzitsi, ndipo mwana akameza chilembo chomalizacho ankamukoka khutu.

Kumapeto kwa Seputembala ndinkachokera ku famu kukasiya mankhwala a abambo. Pa wailesi ya ku Bergfeld, itatha mitengo ya chimanga ndi nkhumba, panamveka mawu a achimwene: "Ndine Glenn Niehaus, mwana wa nthaka ya Mizura." Nditawoloka mlatho wailesiyo inayamba kusokosera, ndipo ndinatembenuzira ku ya mu mzinda. Ndisanafike kunyumba ndinawamvanso: "Ndine Glenn Niehaus, wantchito wa mabanja onse a Mizuri." Nyimbo yakumbuyo inali imodzimodzi. Ntchito yanga yonse ndi kumvetsera mathero a mawu, kumene ana amameza. Sindikanaphonya.

Nditamuuza Senad anaseka koyamba m'masabata atatu.

"Ndiye kuti alamu ali ndi mapasipoti awiri. Ine ndili ndi imodzi yokha, ya kuno."

Mu Okutobala analengeza mtsutso wa opikisana awiri, a Glenn ndi Mayi Carla Dressel. Unali woti uchitike Loweruka pa 25, masana, mu holo ya masewera ya sukulu ya pafupi ndi mlatho, kuti mbali zonse zifike mosavuta. Mawailesi onse awiri anati aulutsa pompopompo, ndipo kumapeto anthu adzaloledwa kufunsa. Ndinawaimbira foni a Glenn.

"Ndidzaima pa mzere wa mafunso. Ndikukuuziranitu kuti musadzati ndinakubisalirani."

"Udzafunsa chiyani?"

"Funso la mwana wa kalasi yoyamba."

"Marli, ndagulitsa ng'ombe chifukwa cha kampeni imeneyi. Ndayenda khomo ndi khomo chiyambire Malichi. Usandichite zimenezo."

"Bwezani mawu aja nokha lisanafike tsikulo, ndipo sindiimirira."

Anadula foni. Sanabweze. Pa msonkhano wa alimi sabata yotsatira ananenanso za Mizura weniweni, kungoti za manda anazisiya.

M'mawa wa pa 25 ndinapita kukatenga abambo. A Orville Niehaus salankhula zambiri, ndipo za ndale salankhula n'komwe. Ndinawapeza akupaka mafuta mfuti yawo patebulo la kukhitchini.

"Mukubwera, ababa?"

"Za ana ine sindilowerera."

"Sindikuti mukalankhule. Mukangokhala."

Anayang'ana mu mpope wa mfuti kwa kanthawi. "Mbosniya uja akubweradi kosaka pa 15?"

"Ayi. Mmene zililimu sabwera."

"Ndiye adzandikokera ndani nswala? Glenn msana wake ndi wa phala." Anatseka mfuti. "Mipando yake ndi yotsamira?"

"Ndi mabenchi."

"Tenga pilo."

Senad anakana kubwera. Anati ali ndi bafa yofunika kumaliza kwa munthu wina, koma ndinamuona akuika kawailesi m'bokosi la zipangizo.

Mu holo muja palibe anauza anthu pokhala, koma anadzigawa okha ngati mafuta ndi madzi. A kumadzulo anakhala kumanzere ndi zipewa zawo, a kum'mawa kumanja. Ine ndi abambo tinapeza malo kumanja, chifukwa ndi kumene kunali benchi yoyandikana ndi khoma. Anthu ena a ku Bergfeld anatembenuka kuwayang'ana abambo. Iwo anangokonza pilo.

A Glenn analankhula bwino, ndisaname. Za misewu, za chipatala chaching'ono chomwe chinatsekedwa, za msonkho wa malo. Pa zina mwa zimenezo ndinkagwirizana nawo kuposa Mayi Dressel. Koma khutu langa linali pa chinthu chimodzi. Ankati "chigawo chathu chokondeka", ankati "kwathu kuno", ankati "dera lino ndi anthu ake". Dzina sanalitchule ngakhale kamodzi. Kendra anali atawaphunzitsa bwino.

Nthawi ya mafunso itakwana ndinaimirira. Patsogolo panga panali bambo wofunsa za mfuti ndi mayi wofunsa za mabasi a sukulu. Iwo atamaliza ndinalandira chimkuzamawu.

"Ndine Marlene Alagic. Ndimakhala kum'mawa kwa mtsinje, ndinabadwira ku Bergfeld. Funso langa likupita kwa a Niehaus. Achimwene, chigawo chathuchi dzina lake ndi chiyani?"

Holo yonse inaseka. Wotsogolera mtsutso, mkonzi wa nyuzipepala wopuma pantchito, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, tikufuna funso lenileni."

"Ndi lenileni, bambo. Ngati ine ndemwe."

Kumanja ena anawomba m'manja. A Glenn anamwetulira ngati munthu amene waponda minga pamaso pa apongozi.

"Uyu ndi mlongo wanga," anauza anthu. "Amaphunzitsa ana kulankhula, ndiye saweruka ngakhale Loweruka."

Anasekanso. Ine sindinasunthe.

"Tchula, Glenn!" anakuwa wina kumanzere. "Mizura!"

"Mizuri!" anayankha ena kumanja.

Wotsogolera anagogoda tebulo. Phokoso litachepa ndinanena pang'onopang'ono, monga ndimachitira ndi mwana wamantha.

"Pa wailesi ya ku Bergfeld mumati Mizura. Pa ya mu mzinda mumati Mizuri. Lero onse akumvetsera nthawi imodzi. Sindikufunsa lomwe lili lolondola, onse awiri ndi abwino. Ndikufunsa lomwe mumatchula mukakhala patebulo ndi ababa. Ali apo."

Mitu yonse inatembenuka. Abambo sanaimirire. Anangovula chipewa n'kuchiika pabondo, monga amachitira m'tchalitchi.

Pambali pa nsanja Kendra ankapukusa mutu pang'ono, kuwauza kuti azembe. Akanatha kuzemba. Akanatha kutchula chilembo chimodzichimodzi, anthu n'kuseka, nthawi n'kutha. Ndinawaona akuganiza zimenezo. Kenaka anayang'ananso kwa abambo.

"Mizuri," anatero chapansipansi.

"Sitikumva!" anakuwa munthu yemwe uja wa kumanzere.

"Mizuri," anabwereza a Glenn, atayandikira chimkuzamawu. "Kwathu timati Mizuri. Amayi ankatikoka makutu."

Wotsogolera anati, "Zikomo mayi, wotsatira." Mnyamata wosunga chimkuzamawu anatambasula dzanja, koma ine sindinachisiye. Dzina lokhalo silikanamubweretsa Senad ku famu.

"Ndatsala ndi theka la funso, bambo. Achimwene, pa 7 Seputembala munati enieni ndi a Mizura, ndipo amathera pa mtsinje. Ngati ndi choncho, inuyo ndi ababa muli mbali iti? Nanga ine? Nanga mwamuna wanga?"

Pamenepo palibe anaseka. Kunamveka mwana akulira kumbuyo ndi mayi ake akumutontholetsa. A Glenn anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Makutu awo anali atafiira ngati kale amayi akawakoka.

"Ku Bergfeld ndinanena za manda," anatero. "Pali munthu amene mawu amenewo anamubaya, ndipo ndinkadziwa kuti amubaya. Alamu, ngati mukumva, ndinalakwa. Tsidya lino ndi tsidya ilo onse ndi anthu a chigawo chino, ndipo voti ya wina siposa ya mnzake. Mawu aja ndikuwabweza." Kenaka anandiyang'ana, ataiwala kuti chimkuzamawu chikadali chotsegula. "Wakhutira tsopano?"

Mawailesi onse awiri anaulutsa zimenezonso.

Kumanja anawomba m'manja, koma osati kwambiri. Anthu omwe unawatukwana mwezi watha sakuimbira nthungululu chifukwa chakuti wasiya. Kumanzere ena anang'ung'udza. Bambo wina, yemwe a Glenn anaphunzira naye sukulu, anaimirira, anagwetsa chikwangwani cha kampeni pansi n'kutuluka. Ena ochepa anamutsatira. Ndinabweza chimkuzamawu n'kukakhala.

M'galimoto abambo anatembenukira kwa ine titadutsa nkhokwe za chimanga za ku Bergfeld.

"Amayi ako ankakoka khutu limodzi," anatero. "Iwe wakoka onse awiri."

"Ndalakwa, ababa?"

"Ndati za ana sindilowerera. Chepetsa liwiro, apa pamadutsa nswala."

Kunyumba ndinapeza Senad akutsuka simenti m'manja. Sanandifunse kanthu. Anangoti bafa lija sanalimalize, chifukwa mzere umodzi unapendama ndipo adzayenera kuuzula Lolemba.

Lachiwiri pa 4 Novembala a Glenn anagonja ndi mavoti 412. Kendra anauza nyuzipepala kuti kumadzulo anthu ambiri anavotera maudindo ena onse n'kusiya malo a phungu osachonga. Mwina ndi zoona. Ndi zoonanso kuti chaka chimenecho kum'mawa kunavota anthu ochuluka kuposa zisankho zam'mbuyo, ndipo ambiri a iwo za mtsutso uja sanazimve n'komwe. Palibe angatsimikize kuti funso langa ndi lomwe linawagwetsa, ndipo palibenso angatsimikize kuti silinawagwetse. Sindibisala kuseri kwa manambala. Ndinkadziwa kuti likhoza kutero pamene ndinkaima pa mzere.

Senad anavota m'mawa asanapite kuntchito. Nditamufunsa kuti wachonga ndani, anati, "Chinsinsi cha nzika, amayi."

Loweruka pa 15 tinawoloka mlatho kum'mawa kukuyera, Senad atavala chovala chake cha olenji cha alenje. A Glenn anali pakhonde, akumanga zingwe za nsapato. Anali ataonda.

"Alamu, mwachedwa," anatero. "Nswala zatopa n'kudikira."

"Pa mlatho amafunsa mapasipoti," anayankha Senad.

A Glenn anaseka kamodzi, mwachidule, ndipo anamupatsa kapu ya khofi yomwe inali itathiridwa kale.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?" ndinatero.

Anawerama n'kumanganso chingwe chomwe chinali chomanga kale. Sanandiyankhe tsiku limenelo, ndipo chaka chimenecho chinatha asanandilankhule. Abambo anatuluka ndi mfuti yawo, anayang'ana ana awo awiri, anayang'ana mkamwini wawo, n'kutsogola. Ndinaima pakhonde mpaka zovala zitatu za olenji zija zitalowa m'mitengo, abambo patsogolo, awiriwo pambuyo akutsutsana za mphepo.

Ndinalowa kukhitchini. Mu firiji munali phukusi lalikulu la pepala loyera la kubutchala, logulidwa dzulo lake. Ndinalitsegula kuti nditsimikize. Anali mafuta a ng'ombe. Ndinanola mpeni wa amayi n'kuyamba kuwadula tizidutswa ting'onoting'ono, mmene a Glenn amafunira.